Alendo osaitanidwa m'nyanja yathu: zipata zawo ndi boti, ukonde ndi ndowa

Pa 8 September 2024 inatha nthawi yomwe mayiko anapatsa eni sitima zikuluzikulu za pa nyanja zamchere kuti akhale atakonza sitima zawo. Kuchokera tsiku limenelo, sitima yomangidwa ndi pangano la bungwe la International Maritime Organization siyiloledwa kukhuthula madzi omwe yanyamula m'mimba mwake isanasefe kapena kupha tamoyo tomwe tili m'madzimo. Nkhaniyi sinamveke kwenikweni kuno kwathu, ndipo n'zosadabwitsa. Dziko lino lilibe nyanja yamchere, ndipo palibe sitima yochokera ku Durban kapena ku Dubai yomwe imadzakocheza ku Monkey Bay.

Koma m'chaka chomwecho cha 2024, ofufuza analengeza kuti m'madzi a m'boma la Mangochi ndi kuchigwa cha Shire apeza nkhono yachilendo, ya kwawo ku America, yomwe imasunga nyongolotsi zowononga chiwindi cha ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Iyi si nkhono yoyamba kutipeza mosayembekezera. Vuto lomwe mayiko a kunja akulimbana nalo m'madoko awo lafika kale pa gombe lathu, ndipo kuno silidikira sitima zazikulu. Limayenda pa boti lokwezedwa pa lole, mu ukonde wonyowa, ndi mu ndowa ya tiana ta nsomba. Abale ndi alongo a ku Chembe, Msaka, Makawa, Malindi mpaka ku Makanjira, nkhaniyi ndi yathu.

Momwe sitima zimasamutsira zamoyo

Sitima yaikulu ikatsitsa katundu imapepuka, ndipo ikapepuka kwambiri siyenda bwino pa mafunde. Choncho imapopa madzi a padoko pomwe yaima n'kuwasunga m'matanki apansi kuti ilemere. Ikafika ku doko lina kukanyamula katundu, imawakhuthula madzi aja. M'madzimo mumakhala mazira, tiana ta nkhono ndi nkhanu, ndere ndi tizilombo ta matenda. Tambiri timafera m'njira, koma tochepa timapulumuka, ndipo tikapeza kuti kumalo kwatsopanoko kulibe chotidya, timaswana mopanda woletsa.

Mu 1988, m'nyanja zikuluzikulu za pakati pa America ndi Canada munapezeka kankhono kamizeremizere kochokera kudera la Black Sea ndi Caspian Sea. Pazaka zochepa kanali katamatirira m'mapaipi a madzi akumwa ndi a makina a magetsi, ndipo mpaka lero mayiko awiriwo amawononga ndalama zambiri chaka ndi chaka kukapala. Ku Black Sea nako, m'zaka za m'ma 1980 kunafika kanyama kofewa ngati phala kochokera ku gombe la America. Kanayamba kudya chakudya cha tinsomba ting'onoting'ono pamodzi ndi mazira ake, panthawi yomwe tinsombato tinali titachepa kale chifukwa chophedwa mopyola muyeso. Usodzi wa tinsombato, tomwe kwa anthu a kumeneko tili ngati usipa kwa ife, unagwa.

N'chifukwa chake mayiko anagwirizana za pangano lija mu 2004, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 8 September 2017. Mfundo yake ndi imodzi. Chamoyo chachilendo chikakhazikika m'madzi aakulu, kuchichotsa n'kosatheka. Malo okha ochigonjetsera ndi pachipata, chisanalowe.

Mpanda womwe nyanja yathu inali nawo

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lonse, ndipo yambiri mwa mitunduyi siyipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Mudzi wa Chembe uli m'kati mwa malo amenewa.

Chomwe chinateteza chumachi kwa zaka zosawerengeka ndi mathithi a mtsinje wa Shire, kuyambira ku Matope mpaka ku Kapichira. Nsomba za ku Zambezi ndi kuchigwa cha Shire sizitha kukwera mathithiwa. Akatswiri amadziwa kufunika kwa mpanda umenewu, moti pokonza ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira kupita ku Chikwawa ndi Nsanje, anaikapo chotchinga kuti nsomba zolusa za kumunsi zisaigwiritse ntchito ngati njira yolambalala mathithi.

Sitima zochokera ku nyanja yamchere nazo zimathera kutali. Ngakhale doko la Nsanje, lomwe Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula mu October 2010, likanayamba kulandira sitima, zikanaima kumunsi kwa mathithi. Chomwe chimadumpha mathithiwa ndi munthu ndi galimoto lake. Nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018, asodzi amanyamula maboti ndi makoka awo kupita ku Malombe ndi kunyanja yaikulu. Ilala, yomwe yakhala ikuyenda kuyambira 1951, imalumikiza Monkey Bay ndi Nkhotakota, Likoma, Nkhata Bay ndi Chilumba. Maboti a ku Makanjira amawolokera ku Mozambique, ndipo kumpoto kuli sitima za ku Tanzania. Ulendo uliwonse wotere ungathe kunyamula mlendo wosaoneka.

Phunziro la pa chilumba cha Thumbi

Chitsanzo chapafupi chili pamaso pa aliyense woima pa gombe la Chembe. M'zaka za m'ma 1960, ochita malonda otumiza mbuna kunja anataya pafupi ndi chilumba cha Thumbi nsomba zomwe anazitenga kumpoto kwa nyanja. Kwa munthu wamba, mbuna ndi mbuna, ndipo nyanja ndi yomweyo. Koma mbuna siziyenda mtunda wautali. Chilumba chilichonse ndi mwala uliwonse waukulu uli ndi mitundu yake, yomwe yakhala payokha kwa zaka zikwizikwi.

Umodzi mwa mitundu yobwera ija, womwe asayansi amautcha Cynotilapia afra, unali kumbali imodzi yokha ya chilumbacho pomwe ofufuza anauwerenga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Patatha zaka pafupifupi 20 unali utazungulira chilumba, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2004 anaonetsa kuti unayamba kuswana ndi mbuna za pamalopo. Palibe khoka lomwe lingasankhe alendowo n'kusiya eni malo, ndipo magazi osakanikirana sangalekanitsidwenso. Madzi akatayika sawoleka. Ngati ndowa zochepa za nsomba za m'nyanja yomweyi zinasintha Thumbi mpaka kalekale, nanga za kutsidya kwa nyanja zamchere zingachite zotani?

Nkhono zitatu ndi thanzi la ana athu

Alendo omwe akutikhudza kwambiri lero ndi nkhono, chifukwa nkhono ndizo zimasunga tizilombo ta likodzo ndi nyongolotsi za ziweto.

Yoyamba ndi nkhono yosongoka yotchedwa Melanoides tuberculata. Nyanja yathu inali nayo yakeyake, koma mu 2004 Martin Genner ndi anzake anaonetsa kuti mtundu wina womwe unali utachuluka kum'mwera kwa nyanja ndi wochokera ku Asia, ndipo sunkapezeka m'nkhono zomwe ofufuza akale anatola. Unabisala zaka zambiri chifukwa umafanana ndi wathu. Nkhonoyi imabereka yopanda yaimuna, choncho imodzi yokha ndi yokwanira kuyambitsa mtundu wonse. M'mayiko ambiri yafalikira kudzera m'malonda a nsomba ndi zomera zokongoletsera m'nyumba.

Yachiwiri ndi Biomphalaria pfeifferi, kankhono kophwatalala kozungulira ngati nkhata. Iyi ndi ya mu Africa momwemuno, koma sinkadziwika pa magombe a kum'mwera kwa nyanja yathu. Mu 2017 ofufuza a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno anaipeza ku Mangochi. Chaka chotsatira anayeza ana 175 a m'sukulu zitatu za pulaimale, ndipo pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse anapezeka ndi zizindikiro za likodzo la m'matumbo. Makolo ambiri amadziwa likodzo la magazi mu mkodzo. La m'matumbo ndi lobisika. Mwana amadwala m'mimba, nthawi zina chimbudzi chimakhala ndi magazi, amachepa magazi, amatopa m'kalasi ndi ku madrasa, ndipo pakapita zaka chiwindi ndi kapamba zimatupa.

Yachitatu ndi ija ya ku America, Pseudosuccinea columella. Iyi imasunga nyongolotsi za m'chiwindi. Ziweto zimazitenga podya udzu wa m'mbali mwa madzi, kenako zimaonda, mkaka umachepa, ndipo zikazingidwa chiwindi chimapezeka chitaonongeka n'kutayidwa. Banja lomwe lasunga mbuzi chaka chonse kuti lidzagulitse pa nyengo ya Qurbani ndilo limaluza. Munthu nayenso angathe kuzitenga akadya zomera za m'madzi zosaphika.

Pali phunziro lina lochokera ku Chembe lomwe likugwirizana ndi zonsezi. Kale gombe lamchenga la Chembe linkadziwika kuti lilibe likodzo. Kuyambira zaka za m'ma 1980 matendawa anakula, pakati pa eni mudzi ndi alendo odzaona malo omwe. Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University ndi Henry Madsen wa ku Denmark atafufuza kwa zaka zambiri, anapeza kuti nkhono ya m'nyanja momwemo, Bulinus nyassanus, inachuluka m'madzi osaya pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka a maso aang'ono okokedwa m'mphepete. Nkhono imeneyi si mlendo, koma nkhani yake ikutiuza chinthu chachikulu. Nsomba zathu ndizo alonda a nyanja. Tikazitha ndi kandwindwi ndi masikito, nkhono iliyonse, yathu ndi yobwera yomwe, imapeza pakhomo popanda mlonda.

Namasupuni ndi mtengo wa kuchedwa

Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo anthu anamufalitsa padziko chifukwa cha duwa lake lokongola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anaoneka kuchigwa cha Shire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pofika m'ma 1990 anali atafika kumtunda kwa mtsinjewu ndi ku Malombe. Chomera choyandama sichikwera mathithi chokha. Chimakwezedwa.

M'madzi ofunda ndi a chonde, namasupuni angathe kuchuluka kawiri pa sabata ziwiri zokha, ndipo njere zake zimakhala zamoyo m'matope kwa zaka zambiri. Amatseka madoko, amakola maukonde ndi injini, amachepetsa mpweya m'madzi, ndipo mizu yake ndi nyumba komanso galimoto ya nkhono. Mphepo ikakankha chitsamba chake kuchoka gombe lina kupita lina, nkhono zimasamuka nacho. Ku nyanja ya Victoria, cha m'ma 1997 ndi 1998, anatseka doko la Kisumu mpaka maboti kulephera kutuluka.

Kuno boma linabweretsa tinankafumbwe tomwe timadya namasupuni yekha m'zaka za m'ma 1990, ndipo tinathandiza kumuchepetsa, koma sitinamuthe. Mpaka lero kampani ya EGENCO imakhala ndi makina pa Liwonde owola namasupuni ndi zomera zina zoyandama kuti zisakatseke makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ndi ntchito yopanda tsiku lomaliza, ndipo ndalama zake zimachokera m'thumba la wogula magetsi.

Mkangano wa nsomba ya ku Nile

Chiopsezo chachikulu chomwe chili pakhomo ndi nsomba yofanana ndi chambo yochokera ku mtsinje wa Nile, yomwe alimi a nsomba amaitcha Nile tilapia. Omwe amafuna kuti iloledwe ali ndi mfundo zomveka, ndipo sitiyenera kuzinyoza. Imakula msanga kuposa makumba ndi chilunguni. Chambo chachepa ndipo chakwera mtengo moti mabanja ambiri a m'mphepete mwa nyanja amachiona chikudutsa kupita m'tauni. Mayiko oyandikana nafe akuweta nsombayi ndipo ina imagulitsidwa m'misika yathu itafa kale. Mlimi akafunsa chifukwa chomwe iye yekha akuletsedwera, funsolo ndi lachilungamo.

Yankho lili m'zomwe zachitika kwa anzathu. Ku Zambia, nsombayi itathawa m'madamu inalowa mu mtsinje wa Kafue n'kuyamba kuswana ndi nsomba za komweko. Ku Kariba yalanda malo a mtundu wa komweko mpaka mtunduwo uli pafupi kutha. Ndipo ku nyanja ya Victoria, komwe m'zaka za m'ma 1950 anaikako nsombayi pamodzi ndi chinsomba cholusa chomwe a ku Tanzania amachitcha sangara, mitundu pafupifupi 200 ya nsomba za komweko inazimirira. Malonda otumiza sangara kunja anabweretsadi ndalama, koma zambiri zinapita kwa eni mafakitale ndi maboti aakulu, osati kwa mayi wowamba nsomba pa gombe.

Dziko la Malawi lakana mayesero otere kangapo. Maganizo obweretsa kapenta wa ku Tanganyika m'nyanja yathu anakanidwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linaletsa kuweta nsomba yachilendo ya carp m'madera omwe madzi ake amathera m'nyanja. Lamulo la zausodzi la 1997 limaletsa kubweretsa kapena kusamutsa nsomba zachilendo popanda chilolezo. Koma nyanjayi ndi ya mayiko atatu. Mu 2013 ofufuza analengeza kuti apeza Nile tilapia m'madamu ndi m'kanyanja kena mbali ya Tanzania, m'dera lomwe mitsinje yake imathira m'nyanja yathu. Lamulo la dziko limodzi silingatseke nyanja yomwe ili ndi makomo atatu.

Madzi osefukira akuwonjezera ngoziyi. Namondwe Freddy mu March 2023 ndi kukwera kwa nyanja mu 2024, komwe kunamiza nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi, zinaonetsa kuti damu lomwe lero lili patali ndi mtsinje mawa lingakhale mbali ya mtsinjewo. Chilichonse chomwe chili m'damu, tsiku lina chidzakhala m'nyanja.

Matenda a nsomba amayendanso njira zomwezi. Mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda pa nsomba, omwe anayamba kuoneka mu Africa mu mtsinje wa Zambezi cha m'ma 2006. Mitsinje ya ku Mchinji imathira mu Bua, ndipo Bua amathera m'nyanja ku Nkhotakota. Matendawa amafala ndi nsomba zodwala, madzi, ndi zipangizo zonyowa.

Zomwe boma liyenera kuchita

Choyamba, Malawi, Tanzania ndi Mozambique akufunika mgwirizano umodzi wonena mitundu ya nsomba yololedwa kuwetedwa m'dera lonse lothira madzi m'nyanjayi. Mkangano wa malire a nyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania usakhale chifukwa chosiyira nkhaniyi, pakuti nsomba siyidziwa malire.

Chachiwiri, kuletsa kokha sikokwanira. Ngati alimi sapeza mbewu yabwino ya makumba ndi chambo pamtengo wofikirika, adzaifuna kunja mozemba. Malo ofufuzira za nsomba a ku Domasi ndi sukulu ya LUANAR akufunika ndalama zokwanira kuti mbewu yathu ikhale yokula msanga ndi yopezeka.

Chachitatu, zomwe mayiko akuchita pa sitima zawo zikufunika kuchitika pa mlingo wathu: malo otsukira ndi kuumitsira maboti pa madoko aakulu, kuyendera maboti obwera pa galimoto kuchokera ku madzi ena, ndi kufufuza nkhono pa magombe chaka ndi chaka osadikira ofufuza a kunja.

Zomwe zili m'manja mwathu

Makomiti a pa gombe, omwe anayambira ku Malombe mu 1993, amadziwa boti lililonse lachilendo lomwe lafika. Ali ndi mphamvu, pamodzi ndi mafumu, yoika lamulo loti boti kapena khoka lochokera ku nyanja ina kapena mtsinje wina lisalowe m'madzi lisanapalidwe matope, kuchotsedwa zomera, kukhuthulidwa madzi onse pamtunda ndi kuyanikidwa padzuwa masiku angapo. Kuyanika kokha sikukwanira, chifukwa nkhono zina zimadzitsekera m'chigoba n'kupirira chilala. Anthu a ku Mbenji ku Salima asunga malamulo awo a usodzi kuyambira zaka za m'ma 1950 pansi pa mfumu yawo, ndipo atsimikiza kuti lamulo lomwe eni gombe aligwirizana okha limagwira kuposa lochokera ku ofesi.

Pa banja lililonse, zofunika ndi izi. Tisagule tiana ta nsomba kwa munthu wosadziwika, ngakhale atalonjeza kuti tikula pa miyezi itatu. Tifunse kwa alangizi a zausodzi. Tisataye m'nyanja nsomba zamoyo, nyambo kapena zomera zochokera kwina. Namasupuni tikamuvuula, tikamuunjike patali ndi madzi kuti aume. Tikagwira nsomba yachilendo kapena ya zilonda, tisaibweze m'madzi. Tiijambule pa foni n'kuipereka ku ofesi ya zausodzi ku Monkey Bay kapena ku Mangochi. Tileke kukoka masikito m'madzi osaya momwe nsomba zimaswera, ndipo tilemekeze malire a mamita 100 omwe saloledwa kuphamo nsomba m'mbali mwa malo otetezedwa.

Pa za likodzo, nkhono payokha siyidwalitsa munthu ngati mazira a tizilomboto sanafike m'madzi, ndipo amafika kudzera mu mkodzo ndi chimbudzi. Chimbudzi pakhomo ndi pa doko ndi chida champhamvu kuposa mankhwala ophera nkhono. Ana alandire mankhwala a praziquantel akamaperekedwa kusukulu, ndipo akuluakulu ogwira ntchito m'madzi nawonso akayezetse. Madzi osamba ndi opangira wudhu otungidwa kunyanja akakhala mu ndowa masiku awiri, tizilombo ta likodzo timafa. Masheikh, aphunzitsi a madrasa ndi magulu a amayi ali ndi mwayi wofikitsa mauthengawa kwa anthu ambiri pa sabata imodzi kuposa momwe mlangizi mmodzi angachitire pa chaka.

Mayiko olemera anazindikira mochedwa, ndipo akulipira ndi ndalama zomwe ife tilibe. Nyanja yathu yalowedwa kale ndi alendo angapo, koma mdani wamkulu wa chambo sanakhazikike kuno kum'mwera, ndipo usipa ndi utaka zikadalipo. Ino ndiyo nthawi yomwe kuteteza kumangofuna ndowa ya madzi, dzuwa ndi mgwirizano wa pa gombe. Boti lotsatira likadzatsitsidwa pa lole pa doko lanu, padzakhale munthu wofunsa komwe lachokera lisanakhudze madzi.